Nkhani za m'zithunzi: manga a ku Japan, m'manja ndi pakhoma

Pophunzira nkhani za Chichewa timazigawa pawiri. Pali nkhani zamchezo monga nthano, zilapi, miyambi ndi nyimbo. Palinso nkhani zolembedwa monga ndakatulo, nkhani zazifupi, nkhani zazitali ndi zisudzo. Kagawidwe kameneka kamathandiza poyankha mayeso, koma kamasiya kunja mtundu wina wa nkhani umene ambiri mwa inu munayamba kuwerenga musanafike n'komwe kusekondale. Ndikunena nkhani za m'zithunzi, zija timangoti makatuni. M'mutu uno tiona mmene nkhani zoterezi zimafotokozera zinthu, potengera chitsanzo cha dziko la Japan kumene lusoli linakula mpaka kulowa m'nyumba zosungiramo zinthu zamakedzana ndi zaluso, zomwe timazitchanso kuti myuziyamu. Tikachoka kumeneko tibwerera kwathu kuno ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pakuti funso limene Ajapani akulimbana nalo likutikhudza ifenso.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Tsiku lina ndikuphunzitsa Fomu 2 ndinaona mnyamata wina atawerama, cholembera chikuthamanga pakope pomwe ine sindinalembe kalikonse pabolodi. Ndinamulanda kopelo n'kumutumiza kukatchetcha. Madzulo ndikuchonga ntchito ndinatsegula kumapeto kwa kope lija ndipo ndinapeza timabokosi tisanu ndi titatu. M'menemo anajambulamo mayi akupita kuchigayo atasenza thumba la chimanga lobooka, nkhuku zikumutsatira m'mbuyo, iye osadziwa kanthu, akusangalala kuti katundu akupepuka. M'kabokosi komaliza munalibe mawu alionse, koma nkhope ya mayiyo yokha akusuzumira m'thumba. Nkhaniyo inali ndi chiyambi, mpangankhani, vuto, pampondachimera ndi mathero, zonse zimene ndinakhala sabata yathunthu ndikufotokoza. Mnyamatayo anali atamva phunziro langa kuposa anzake onse, ndipo ine ndinamupatsa chikwakwa.

Tanthauzo lake

Nkhani ya m'zithunzi ndi nkhani yofotokozedwa ndi zithunzi zojambula pamanja, zoikidwa mondondozana m'timabokosi, kawirikawiri pamodzi ndi mawu a ampangankhani. Musaisokoneze ndi buku lokhala ndi zithunzi ngati aja munkawerenga kupulayimale. M'buku lotere mukachotsamo zithunzi nkhani imatsala yamphumphu, chifukwa zithunzizo zimangokometsera. M'nkhani ya m'zithunzi mukachotsa zithunzi mwagwetsa nyumba yonse.

Ku Japan nkhani zoterezi amazitcha manga. Mawuwa asakusokonezeni ndi mneni wathu uja wa kumanga nyumba kapena kumanga mtolo, angofanana kamvekedwe. M'Chijapani amatanthauza zithunzi zojambula mwaufulu, mosatsata malamulo okhwima. Wojambula wina wotchuka, Katsushika Hokusai, anawagwiritsa ntchito ngati mutu wa mabuku ake a zojambula amene anayamba kutuluka mu 1814, ngakhale kuti mabukuwo sanali nkhani zondondozana ngati manga a masiku ano.

Kumene anachokera

M'kachisi wa Kozan-ji ku Kyoto munasungidwa mipukutu ya mapepala ya m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 yotchedwa Choju-giga. Pamipukutuyo pali akalulu ndi achule akulimbana, akusambira ndi kuponya mivi ngati anthu, komanso nyani atavala mkanjo wa wansembe. Inu amene munakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi simungadabwe nazo, pakuti mukudziwa kuti munthu akafuna kudzudzula mfumu popanda kupalamula amaiveka chikopa cha nyama. Akatswiri ena amati manga anayambira pamenepa. Ena amakana, ponena kuti manga enieni anabadwa pamene ojambula a ku Japan anaona makatuni a m'nyuzipepala za Azungu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kuyamba kupanga awo, monga anachitira Rakuten Kitazawa kuyambira mu 1902. Ine ndimaona kuti mbali zonse zili ndi mfundo: mbewu inachokera kunja, koma inagwera panthaka yolimidwa kale.

Gwero lina limene lingakusangalatseni ndi kamishibai, kutanthauza sewero la papepala. M'zaka za m'ma 1930, ndiponso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, bambo ankayenda panjinga atamangirira kabokosi kamatabwa. Akafika pamphambano ankagulitsa maswiti kwa ana, kenaka n'kuyamba kusolola zithunzi m'kabokosimo chimodzichimodzi uku akusimba nkhani ndi kusintha mawu potsanzira ampangankhani. Nkhani ikafika pokoma ankaidula n'kunena kuti yotsala mawa. Wailesi yakanema itafala ntchitoyi inatha, ndipo ena mwa ojambula zithunzizo, monga Shigeru Mizuki, anasamukira ku manga. Choncho manga ali ndi phazi limodzi m'nkhani zamchezo ndi lina m'nkhani zolembedwa.

Munthu amene anasintha zinthu kwambiri ndi Osamu Tezuka, yemwe anabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 1989. Anaphunzira udokotala koma anasankha cholembera. Buku lake la mu 1947, Shin Takarajima, linadabwitsa ana chifukwa zithunzi zake zinkayenda ngati filimu: galimoto ikuoneka patali, kenaka pafupi, kenaka nkhope ya woyendetsa. Mu 1952 anayamba nkhani ya Tetsuwan Atom, kamnyamata kopangidwa ndi zitsulo koma ka mtima wa munthu, imene inatha mu 1968. Analembanso nkhani ya mkango woyera wa mu Africa. Apa ndinenepo chilungamo: m'nkhani zake zina zoyambirira anthu akuda anawajambula monyazitsa, milomo yaikulu mopitirira muyeso, potengera makatuni a Azungu a nthawi imeneyo, ndipo anthu anadzadandaula nazo. Luso la munthu silimuchotsera mlandu wotere, ndipo wowerenga wabwino amaona zonse ziwiri.

Manga sanalandiridwe ndi manja awiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 magulu a makolo ndi aphunzitsi anachita kampeni yothana ndi mabuku amene ankati ndi oipa, mpaka ena ankaotcha manga pabwalo la sukulu. (Mukuona kuti ine ndi chikwakwa changa sindinali woyamba.) Komabe malonda ake anakulirakulira. Magazini ya Weekly Shonen Jump, imene inayamba mu 1968, inafika pogulitsa magazini opitirira 6.5 miliyoni pa sabata imodzi mu 1995. Magazini oterewa amakhala okhuthala ngati dikishonale, osindikizidwa papepala lotsika mtengo, oti munthu awerenge m'sitima n'kutaya. Nkhani zimene zakondedwa ndi zomwe zimadzasindikizidwanso m'timabuku tosunga. Nkhani ya One Piece ya Eiichiro Oda, imene inayamba mu 1997, inali itapyola mabuku 500 miliyoni pofika mu 2022. Makatuni oyenda a Dragon Ball ndi Naruto amene ena mwa inu mumaonera pafoni anayamba ngati manga a papepala. Ndipo si za anyamata okha ayi. Pali manga a atsikana, a amayi, a anthu apantchito. A mpira, a kuphika, a ulimi, a mbiri yakale.

Mmene tsamba limayankhulira

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu, choncho tidekhepo.

Chinthu choyamba ndi kampata kamene kali pakati pa kabokosi ndi kanzake. Tayerekezani timabokosi tiwiri. M'koyamba mnyamata wakoka legeni, akulozetsa mbalame imene yatera pafupi ndi ofesi ya mphunzitsi wamkulu. M'kachiwiri galasi la zenera lili mbwee pansi, mbalame ikuuluka bwinobwino. Ndani waswa galasilo? Wojambula sanajambule mwala ukuuluka, ngakhale kugunda kwake. Mwaswa ndinu, m'maganizo mwanu, pamene diso lanu limadumpha kampata kaja. Nkhani ya m'zithunzi imayenda chifukwa wowerenga amavomera kumaliza zimene wojambula wasiya dala. Zili ngati nthano ya pamoto: wosimba akati padangotelo, omvera akapanda kuyankha kuti tili tonse, nthano siyenda. Wojambula waluso amadziwika ndi zimene wasankha kusajambula.

Chachiwiri ndi kukula kwa kabokosi, kumene kumalamula nthawi. Timabokosi ting'onoting'ono tothithikana timathamangitsa diso, ndipo timayenera ndewu kapena mpikisano. Kabokosi kamodzi kodzaza tsamba lonse kamaimitsa diso, ngati mmene wolakatula amapumira asanatchule mzere wolemera. Ojambula manga amakonda kuchedwetsa nthawi kuposa anzawo a kwina. Akhoza kuthera masamba angapo pa mpira umene wangochoka kuphazi ndipo sunafike pagolo, akuonetsa diso la goloboyi, thukuta la womenya, mayi wake ali m'gulu la oonerera atagwira pakamwa. Amaikanso timabokosi mopanda munthu: denga likudontha, nsapato pakhomo, mtambo. Timabokosi totere sitisuntha tsatanetsatane wa nkhani, koma timapereka malo ndi mzimu wa nkhaniyo.

Dziwaninso kuti manga amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo buku limayambira kumene ife timati kumapeto. Wojambula amadziwa bwino pamene dzanja lanu lidzatembenuze tsamba, choncho chinthu chodzidzimutsa amachibisa kuseri. Kabokosi komaliza patsamba kamafunsa funso, yankho lili kutsidya. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna tikafika kumyuziyamu.

Chachitatu, chimene ine chimandikoma kwambiri, ndi mvekero. Chijapani, monga Chichewa, ndi chiyankhulo cholemera ndi mvekero. Ife timati kugwa phi, kuyera mbee, kufiira psuu, kuda bii. Iwo amati doki doki pofotokoza kugunda kwa mtima wa munthu wamantha kapena wogwa m'chikondi, ndiponso zaa zaa pofotokoza mvula yamphamvu. Ali ndi mvekero ngakhale wa bata lenilenilo, woti shiin, wofanana ndi wathu uja woti zii. Ndiye m'manga mvekero salembedwa ngati mawu wamba, amajambulidwa. Mvekero wa chinthu cholemera amaulemba ndi zilembo zonenepa zong'ambika m'mbali, wa kunong'ona ndi tizilembo toonda tonjenjemera. Omasulira manga m'Chingerezi amavutika nazo zimenezi chifukwa chiyankhulo chawo chili ndi mawu ochepa a mtundu umenewu. Womasulira m'Chichewa sangavutike chimodzimodzi. Pamayeso timakufunsani kuti mutchule mvekero m'chiganizo, koma tayesani tsiku lina kujambula mawu oti khuu, a thumba la chimanga likugwa pangolo, kuti munthu wongoona zilembozo amve kulemera kwake.

Palinso zizindikiro zimene owerenga anagwirizana: dontho lalikulu la thukuta pambali pa mutu limatanthauza manyazi kapena kusowa chonena, timizere topingasa pachipumi timatanthauza mkwiyo. Maso aakulu aja amene anthu ambiri amadziwira manga ali ndi ntchito yake, chifukwa m'diso lalikulu ndi mosavuta kuonetsamo mantha, chisoni kapena chiwembu.

Kodi nkhani zotere zingasenze katundu wolemera? Yankho lili m'nkhani ya Keiji Nakazawa. Iye anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene bomba la atomiki linagwa pamzinda wa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Bambo wake, mlongo wake ndi mng'ono wake anafa tsiku lomwelo. Atakula anajambula nkhani ya Hadashi no Gen, kutanthauza Gen woyenda wopanda nsapato, imene inayamba kutuluka mu 1973 m'magazini ya ana yomwe ija. Sanabise kanthu. Anajambula anthu akuyenda khungu likulendewera, njala, umasiye, ndiponso nkhanza za asilikali a dziko lake lomwe. Chizindikiro chachikulu m'nkhaniyo ndi tirigu, amene akapondedwa amadzukanso. Kumapeto kwa 2012 akuluakulu a maphunziro mumzinda wa Matsue analamula kuti ana asamatenge bukuli momasuka m'malaibulale a sukulu, ponena kuti zithunzi zina ndi zoopsa, koma anthu atakwiya lamulolo linachotsedwa. Buku la nthabwala chabe silikanganitsa akuluakulu chotere.

Kuchokera m'sitima kupita pakhoma

Tezuka atamwalira, myuziyamu ya boma ya zaluso zamakono ku Tokyo inaonetsa ntchito zake mu 1990, ndipo mu 1994 anamutsegulira myuziyamu yakeyake ku Takarazuka, kumene anakulira. Mu 2019 British Museum ya ku London, nyumba yotchuka ndi ziboliboli za ku Egypt ndi Greece, inachita chionetsero chachikulu cha manga kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Achinyamata ambiri anakhamukirako. Koma panali ena odandaula m'nyuzipepala kuti zinthu zogulitsa m'misika siziyenera kukhala pansi pa denga limodzi ndi chuma cha makolo. Ku Japan komweko, mu 2009, ganizo la boma lomanga nyumba yaikulu yosungiramo manga ndi makatuni oyenda linanyozedwa kuti ndi kuononga ndalama za misonkho, ndipo boma litasintha linathetsedwa.

Kodi chimapachikidwa pakhoma n'chiyani? Kawirikawiri si buku, koma pepala lenileni limene wojambula anagwirapo, lija limapita kwa osindikiza. Limakhala lalikulu kuposa tsamba la m'buku. Mukaliyandikira mumaona mizere ya pensulo, utoto woyera pamene anafufuta, timapepala ta mawu tomata ndi guluu, nthawi zina ndi malangizo olembedwa m'mphepete. Apa myuziyamu imachita chinthu chimene buku silingachite, chifukwa imakuonetsani dzanja la munthu: pamene linazengereza, pamene linalakwa, pamene linakoka mzere umodzi mosadukiza. Munthu amene ankati makatuni ndi masewera a ana amatuluka atasintha maganizo.

Palinso chifukwa china chosungira mapepalawa. Kale ankaonedwa ngati zinyalala za kofakitale. Ena anatayika kwa osindikiza, ena anaperekedwa kwa ana ngati mphatso. Koma mu 2018 tsamba limodzi la Tezuka linagulitsidwa pamsika wa okhetsana mitengo ku Paris pa mayuro pafupifupi 270,000. Ajapani akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1800 zithunzi zawo zodinda ndi matabwa ankaziona ngati zachabechabe mpaka zochuluka zinapita ku Ulaya ndi ku America, ndipo safuna kuti zibwerezeke. N'chifukwa chake myuziyamu ngati ya Yokote Masuda m'chigawo cha Akita inadzipereka kusonkhanitsa ndi kusamala mapepala oyambirirawa. Nthawi nayo ikuwathamangitsa, pakuti ojambula ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito kompyuta ndipo sasiya pepala lililonse.

Tsopano kumbukirani mfundo ija ndinati muisunge. Tsamba likaikidwa m'galasi n'kupachikidwa, simungalitembenuze. Funso la m'kabokosi komaliza limatsala lopanda yankho. Mumaimirira, anthu akukukankhani kumbuyo, mukuyang'ana tsamba limodzi mwa masamba mazana awiri. Mumasirira mzere, koma nkhani yafa. Chimene chinali nkhani chasanduka chithunzi.

Vuto limeneli ife tikulidziwa. Amene munapitako ku Mua m'boma la Dedza, kumalo a zachikhalidwe a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, munaona zigoba za gule wamkulu mazanamazana m'myuziyamu ya Chamare. Ndi bwino kuti zinasungidwa, chifukwa zina mwa izo sizionekanso m'midzi. Komabe aliyense amene anaonapo gule kubwalo akudziwa kuti chigoba chili duu si gule. Palibe ng'oma, palibe fumbi, palibe amayi oyimba ndi kuomba m'manja. Chimodzimodzi zithunzi za pamiyala ya ku Chongoni, malo okwana 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006: zambiri mwa zoyera zija zinkagwira ntchito pamiyambo monga chinamwali, ndipo popanda mawu a anamkungwi mlendo amangoona mizere ndi madontho.

Ku Kyoto anapeza njira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru. Mu Novembala 2006 mzindawo pamodzi ndi yunivesite ya Kyoto Seika anatsegula Kyoto International Manga Museum m'nyumba imene kale inali sukulu ya pulayimale. Amasunga zinthu pafupifupi 300,000, koma mabuku pafupifupi 50,000 ali pamashelefu a m'makonde, oti aliyense asolole n'kuwerenga. Anthu amakhala pamasitepe, ena amagona chafufumimba pakapinga panja, buku lili kumaso. Amachitanso kamishibai pamaso pa alendo. M'myuziyamu zambiri lamulo ndi loti musakhudze. Muno zinthu zambiri zinaikidwa kuti zikhudzidwe. Okonza chionetsero cha ku London nawonso anaika malo a mabuku oti anthu atsegule. Anazindikira kuti pepala la m'galasi limaonetsa luso la dzanja, koma luso la kusimba limaoneka pokhapokha buku lili m'manja.

Nanga zathu zili kuti?

Ifenso tili ndi ojambula athu. Funsani makolo anu za Pewani wa Brian Hara kapena Joza wa Vic Kasinja, mudzaona nkhope zawo zikuwala. Ambiri mwa inu mukumudziwa Amtchona wa James Kazembe. Ena munawerengapo timabuku ta mtsikana Sara timene bungwe la UNICEF linkafalitsa m'maiko a kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Makatuni a m'nyuzipepala ndi mboni ya nthawi yake. Amasunga kavalidwe, kayankhulidwe ka m'tauni, mitengo ya zinthu, ndi zimene anthu ankaseka pamene kuyankhula poyera kunali koopsa. Koma taganizirani kumene nyuzipepala ya dzulo imathera: kukulunga zitumbuwa, kukutira makope, kuyatsira mbaula. Nyuzipepala zakale zimasungidwa kunyumba ya boma yosungira zolembedwa ku Zomba, koma wophunzira wa ku Chiradzulu sangangodzuka n'kupitako.

Mukapita kumyuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre mudzaona panja injini ya sitima yakale ndi magalimoto akale. Zinthu zimenezi pa nthawi yake zinali zida wamba za ntchito, ndipo zinasanduka chuma chifukwa wina anaganiza zozisunga. Maganizo anga ndi akuti tsamba la Pewani liyenera ulemu womwewo. Koma ndikanakhala wokonza chionetsero chake, sindikanadula katuniyo n'kuiika yokha m'galasi. Ndikanaonetsa tsamba lonse la nyuzipepala, kuti woona adziwe zimene zinkachitika sabata imeneyo, ndipo pambali ndikanaika benchi ndi mulu wa makatuni oti anthu awerenge mpaka aseke mokweza.

Chithunzi chimodzi cha ku Mbombwe

Kuno ku Mbombwe tili ndi nkhani imene dziko lonse limaikumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. M'busa John Chilembwe, atabwerako kumaphunziro ku Lynchburg m'dziko la America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission pano mu 1900. Anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi sukulu zingapo. Anadandaula za thangata ndi nkhanza za pamaesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, ndipo mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yotsutsa zotengera anthu akuda kunkhondo ya Azungu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti, n'kumudula mutu. Boma la atsamunda linabwezera mwaukali. Tchalitchi chija anachigumula ndi mabomba, Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale, anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa ndipo pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende. Mishoni inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malikebu.

Zithunzi za Chilembwe zimene zinatsala ndi zowerengeka. Chimodzi mwa izo, cha mu 1914, chikumuonetsa ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley kutsogolo kwa tchalitchi chake, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu. Katswiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, anatenga chithunzi chimenechi n'kupanga chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaima pabwalo la Trafalgar Square ku London kuyambira mu 2022 mpaka 2024. Chorley anamuumba pamsinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamukulitsa pafupifupi kawiri. Imeneyi ndi njira yomwe ija ya wojambula manga: chofunika kwambiri chipatse malo aakulu, diso liyambire pamenepo.

Chithunzi chija ndi kabokosi kamodzi. Nkhope ya Chilembwe imene ili pa K500 ndi kabokosi kamodzinso. Ntchito yanu tsopano ndi kuwonjezera ena. Tengani pepala, mulipinde kuti likhale ndi masamba anayi, ndipo mufotokoze nkhani ya Januwale 1915 m'timabokosi tosapitirira khumi ndi tiwiri. Simukuyesedwa kukongola kwa zojambula. Anthu a timitengo ndi okwanira. Sankhani mwininkhani. Akhoza kukhala Chilembwe, koma akhozanso kukhala mwana wa sukulu ya pamishoni, kapena mayi wa pathangata amene wamva kulira kwa mfuti ali kudimba. Munthu wotereyu mudzamupeka nokha, koma masiku ndi malo zikhale zoona. Ganizirani kabokosi kamene mudzakapatse tsamba lonse, chimene mudzabise kuseri kwa tsamba, ndi mvekero umene mudzajambule pa kugwa kwa tchalitchi.

Povuta kwenikweni ndi usiku wa ku Magomero. Nakazawa anasankha kuonetsa zonse kuti wowerenga asathawe choonadi. Inu mukhoza kutero, kapena mukhoza kujambula chitseko chotseka m'kabokosi kamodzi ndi nyali yogubuduzika pansi m'kotsatira, zotsalazo n'kuzisiya m'kampata. Chilichonse chimene musankhe, lembani ndime imodzi kumbuyo kwa pepala yofotokoza chifukwa chake, ndipo muchite chimodzimodzi ndi anthu makumi anayi aja, amene nawonso anali ndi nkhope. Mukamaliza, ntchito ya theka la kalasi ipachikidwe pakhoma, ya theka linalo iyende m'manja kuchokera desiki ndi desiki. Kenaka musinthane, ndipo aliyense alembe zimene anaona pakhoma zomwe sanazione m'manja, ndi zimene anamva m'manja zomwe khoma linamubisira.